Mfuti m'dziko la malupanga ndi matsenga

Owerenga ena andilembera imelo. Amayendetsa masewera a Dungeons & Dragons ndi anzawo, masewera a pa tebulo omwe wosewera aliyense amakhala munthu wa m'nkhani yopeka, ndipo wosewera wina wakakamira zoti munthu wake m'nkhanimo apange mfuti. Wosewerayo akuti dziko lomwe mbiri yake ndi ya zaka masauzande silingakhale likudalirabe malupanga ndi akavalo. Ndiye owerengawo akufunsa kuti amukanize kapena amulole.

Achimwene, mfutiyo isakuopseni. Ambiri timaganiza kuti mfuti itabwera, asilikali ovala zitsulo anatheratu pomwepo, koma sizinali choncho. Onga anaupanga ku China cha m'ma 800, mizinga inafika ku Ulaya m'ma 1300, ndipo zovala zachitsulo zokuta thupi lonse zija zinatchuka m'ma 1400, mizinga ilipo kale. Pambuyo pake osula ena ankachita kuwombera chovala chapachifuwa kuti achiyese, kenako n'kumuonetsa wogula pomwe chipolopolo chinangofinya osaboola. Mfuti za nthawiyo zinkachedwa kuthiramo onga, ndipo mvula ikagwa chingwe choyatsira chinkazima.

Chovuta chenicheni ndi matsenga. Ngati pali anthu otha kuponya moto ndi dzanja, ndi mfumu iti ingataye chuma chake pa chitsulo chomwe chingaphulikire mwini wake kumaso? Chimenecho ndi chifukwa chomveka chochedwetsera luso la zida. Koma funso lomweli limakutembenukiraninso. M'malamulo a masewerawa wansembe amatha kuchiritsa matenda ndi kulenga chakudya ndi madzi. Nanga njala ndi miliri zikuchokera kuti m'dziko lanulo? Mwina ansembe otere ndi ochepa, mwina amalipiritsa ndalama zambiri, mwina amangothandiza a kachisi wawo. Sankhani yankho limodzi ndipo mulisunge, chifukwa osewera amakhululuka chinjoka cholankhula koma sakhululuka lamulo losintha sabata iliyonse.

Olemba anayesa njira zosiyana. Mu Forgotten Realms, limodzi mwa maiko opeka a masewerawa, muli onga wamatsenga wosowa, wogwirizana ndi mulungu wa amisiri wotchedwa Gond. Dziko lina lopeka la Eberron, lomwe analemba Keith Baker ndipo linatuluka mu 2004, linangolola kuti matsenga akhale ntchito ya amisiri wamba, mpaka kuli sitima zoyenda ndi mphamvu yamatsenga. Ineyo ndimakonda njira yachiwiriyi, ngakhale imafuna kuti woyendetsa aganize kwambiri asanakhale pa tebulo.

Za akavalo ndi nyumba zogona alendo musadandaule nazo. Zinthu zozolowereka zimapulumutsa nthawi. Mukanena kuti "mwafika pa nyumba ya alendo," aliyense waiona kale m'mutu, ndipo mphindi zanu muzigwiritsa ntchito pofotokoza chachilendo chimodzi chomwe chili mkatimo. Ndipotu mbatatesi zomwe anthu a m'nkhanizi amadya zinafika ku Ulaya kuchokera ku South America m'ma 1500, mochedwa kuposa nthawi yomwe nkhanizi zimatsanzira, koma palibe amadandaula.

Wosewera wanuyo muloleni ayese. Afunika sulufule, makala ndi mchere wa saltpetre zopangira onga, komanso wosula wotha kupanga mpope wosang'ambika. Zimenezi zokha ndi maulendo angapo. Akangowombera koyamba pagulu, mawa lake asilikali a mfumu ndi akuluakulu a amatsenga agogode pakhomo pake, aliyense ndi zofuna zake.