EXE ya LabVIEW ikubweretsa Error 7 mutasintha veshoni: yambani mwaona path

Achimwene, mwati pulogalamu yanu inalembedwa pa LabVIEW 8.6 (chida cha kampani ya NI chopangira mapulogalamu polumikiza zithunzi ndi mawaya), mwaisamutsira ku LabVIEW 2023, ndipo mkati mwa LabVIEW ikuyenda bwinobwino, koma mukangopanga EXE, fayilo yoyendetsa pulogalamu payokha kunja kwa LabVIEW, ikubweretsa Error 7, fayilo ya config osaipeza. Ndiye mukuganiza kuti LabVIEW yatsopanoyi yasiya kuzindikira kuti ili mu Run-Time Engine, imene imayendetsa ma EXE a LabVIEW. Ine ndikukayika. Nthawi zambiri imakhala kuti yazindikira bwinobwino, koma chimene khodi yanu ikuchita itazindikira ndicho chatha ntchito.

Musanakhudze waya ngakhale mmodzi, onani kaye zimene EXE yeniyeniyo ikunena. Ikani indicator pa front panel yoonetsa zimene property ya App.Kind (imene imanena mtundu wa LabVIEW umene khodi ikuyendamo) ikubweza, ina yoonetsa Current VI's Path, ndi ina yoonetsa path yomaliza imene ikupita kukatsegula fayilo (path ndi adiresi ya fayilo pa disiki). Pangani EXE, iyendetseni, muwerenge. App.Kind ikanena kuti Run Time System, ndiye kuti kuzindikira kulibe mlandu, ndipo musatayenso nthawi kumeneko.

Chimene ndikuchiganizira kwambiri ndi ichi. Mpaka pa 8.6, LabVIEW inkaunjika ma VI onse, amene ndi mafayilo a khodi ya LabVIEW, pamalo amodzi mkati mwa EXE, popanda mafoda. Path ya VI iliyonse inkaoneka ngati C:\Yeza\Yeza.exe\GetConfig.vi. N'chifukwa chake anthu anazolowera kulemba kuti: tikakhala mu LabVIEW, Strip Path (kudula dzina lomaliza pa path) kamodzi, tikakhala mu EXE, Strip Path kawiri, basi tafika mu foda ya pulogalamu. Kuyambira pa LabVIEW 2009 zinasintha. EXE inayamba kusunga mafoda mkati mwake monga mmene alili pa disiki. VI yomweyo tsopano ikhoza kukhala pa C:\Yeza\Yeza.exe\Utils\GetConfig.vi. Mukadula kawiri mukutsala ndi C:\Yeza\Yeza.exe, kenako Build Path ikuwonjezera dzina la fayilo, pulogalamu n'kumakafufuza config mkati mwa EXE momwe mulibe. Error 7 imangotanthauza kuti fayilo sinapezeke. Zili ngati kulondolera mlendo kuti awerenge nyumba ziwiri kuchokera pa mjigo, pamene pakati pamangidwa nyumba ina.

Ngati ntchito ikukudikirani lero lomwe, pitani mu build specification, pa tsamba la Advanced, muchonge Use LabVIEW 8.x file layout. EXE ibwerera ku kaunjikidwe kakale ndipo khodi yanu igwira. Koma sindingakulimbikitseni kuzisiya choncho, chifukwa mukakhala ndi ma VI a maina ofanana, monga zimachitikira mu ma class, LabVIEW imakakamizika kuwatulutsa kunja kwa EXE n'kuwaika m'mafoda apambali. Njira yokhazikika ndi kuchotsa kuwerenga kwa Strip Path konseko, m'malo mwake muike Application Directory. Mu EXE imakupatsani foda imene muli EXE, mu LabVIEW imakupatsani foda ya project. Case Structure, imene imasankha khodi yoti iyende pofunsa kumene muli, sifunikanso. Ndipo chonde, path imeneyi izipangidwa mu VI imodzi yokha, ena onse azifunsa kumeneko.

Tsopano ngati App.Kind ikukupatsani zina, tsegulani Case Structure imene yalumikizidwa nayo muone case imene ili Default. App.Kind ili ndi mayankho oposa awiri: kupatula Development System ndi Run Time System, palinso ena monga Student Edition, Evaluation ndi Embedded LabVIEW, limene limabwera pa makina a Real-Time. Amene analemba kuti "chilichonse chosakhala Development System ndi EXE" amagwa pomwepa. Funsani chimene mukufunadi kudziwa: Run Time System ikhale ndi case yakeyake.

Palinso kanthu kena kamene kamasokoneza ngakhale akatswiri. Ena amagwiritsa ntchito Conditional Disable Structure ndi RUN_TIME_ENGINE, poganiza kuti n'chimodzimodzi ndi App.Kind. Ayi. App.Kind imafunsa pulogalamu ikuyenda, pamene Conditional Disable imasankhiratu pa nthawi ya kompailo, mbali inayo osalowa n'komwe mu khodi. Choncho ngati posamukapa mwaikako packed library, ma VI omangidwa kale mu fayilo imodzi ya .lvlibp, dziwani kuti khodi ya m'menemo inasankhiratu pomangidwa, ndipo sisintha maganizo ngakhale muitsegule mkati mwa LabVIEW. Pa khodi ya mtundu umenewo App.Kind ndiyo yoyenera.

Zotsalazi n'zachangu. Chitani Mass Compile pa foda yonse, muchotsenso zakale ndi Clear Compiled Object Cache pansi pa Tools, Advanced, kenako mumange EXE mwatsopano. Ma VI amene mumawaitana ndi Open VI Reference akhale pa Always Included, apo ayi salowa mu EXE ndipo Error 7 yomweyo ibweranso. Pa kompyuta imene EXE ikayendere, tsegulani NI MAX, pulogalamu yoonetsa zinthu za NI zimene zili pa kompyuta, muone pa Software ngati Run-Time Engine ya 2023 ilipo, chifukwa ya 8.6 singayendetse EXE yatsopano. Onaninso ma bit: EXE yomangidwa ndi LabVIEW ya 32-bit imafuna Run-Time ya 32-bit, ngakhale Windows ikhale ya 64-bit.

Zikakanikabe, chongani Enable debugging pa tsamba lomwe lija la Advanced, mumangenso, kenako mu LabVIEW pitani pa Operate, Debug Application or Shared Library. Mudzatha kuika probe pa waya wa path EXE ikuyenda. Mutitumizire pano zimene ma indicator atatu aja aonetsa, pamodzi ndi chithunzi cha block diagram pamene path ikupangidwa, tione kuti yakhotera pati.