Yankho kwa amalume pa za ndende ya kumwezi ija

Eya, amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Ulónguè? Kuno ku Moatize tili bwino, dzuwa lokhali ndiye likutiwotcha. Uthenga wanu pa gulupu ndaumva. Mukuti msuweni wanga wakakamira pa foni kuwerenga buku la akaidi otsekeredwa kumwamba mpaka nsima kuzizira, ndiye mukufunsa ngati n'zoona kuti azungu ali ndi ndende kumwezi, komanso ngati mabuku otere sangamuzunguze mutu mwana. Ndati ndingoyankhula, kulemba kungandichedwetse.

Ndende kulibe, amalume. Kumwezi kulibe ngakhale chisakasa. Anthu amene anapondako ndi 12 okha, onse a ku America, kuyambira 1969 mpaka 1972, ndipo okhalitsa anangothako masiku atatu. Kumene kumakhala anthu panopa ndi m'masiteshoni awiri ozungulira dziko, imodzi amaitcha ISS, inayo ndi ya China, makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi. Amapitako ndi anthu ochepa, ophunzira kwambiri, ofuna okha. Kukweza kilogalamu imodzi yokha kumeneko ndi madola masauzande. Ndiye boma liti lingataye ndalama zotere pa wakuba mbuzi?

Koma olembawo sanazitole kumaloto ayi, anazitenga pansi pompano. Dziko la Britain linkatumiza akaidi ake ku Australia, zombo zoyamba zinafika mu 1788, ndipo pofika 1868 anali atatumiza anthu oposa 160,000. Mandela anakhala zaka 18 pa chilumba cha Robben Island. Nanga ife? Inu mukudziwa bwino kuposa ine, munamva kwa akuluakulu za chibalo ndi asipayi, apolisi aja a Apwitikizi, ndi anthu a dziko lino la Mozambique amene Apwitikizi ankawakweza chombo kupita ku chilumba cha São Tomé kukalima koko, ambiri osabwererako. Malo oterowo safuna mpanda wautali, nyanja yokhayo imalondera. Wolemba amangochotsa nyanjayo n'kuikapo mlengalenga mopanda mpweya, basi nkhani yayamba.

Ndikupatseni chitsanzo cha buku limene ndimalidziwa bwino. Analemba Robert Heinlein wa ku America, linatuluka mu 1966, dzina lake The Moon Is a Harsh Mistress. M'menemo mwezi ndi kotayira anthu: akaidi, otsutsa boma, ndi ana awo obadwira konko. Amakhala m'mapanga okumba pansi, amakumba madzi oundana m'miyala, amalima tirigu, eya, tirigu ngati wa ku Tsangano uja koma wolimidwa ndi magetsi m'mphanga, n'kumamutumiza kuno kudziko. Mtengo amaika ndi akuluakulu a ndende, ndipo wogula ndi iwo okha. Mpweya womwe ukupumawo umalipira, amalume. Wovutitsa anzake samupititsa kukhoti, amangomukankhira kunja kwa chitseko opanda chovala chopumira, nkhani yathera pomwepo.

Tsono pamene pamandigwira mtima ine ndi apa. Zaka zako zikatha amakuuza kuti ndiwe mfulu, koma kwanu sungabwerere. Kumwezi zinthu zimapepuka, munthu wa makilogalamu 60 kuno, kumeneko sikelo ingawerenge 10. M'bukumo, ukakhalako miyezi ingapo thupi limazolowera kupepukako, moti kubwerera kuno kumakhala ngati wasenzetsedwa anthu asanu pamsana usana ndi usiku. Ndiye wogamulidwa zaka zochepa ndi wogamulidwa moyo wonse amafanana. Ndipo pamenepa pali choonadi. Anthu a pa ISS amataya pafupifupi 1 peresenti ya kulimba kwa mafupa ena mwezi uliwonse, n'chifukwa chake amachita masewera olimbitsa thupi maola awiri tsiku lililonse, ndipo akatera amawanyamula n'kuwakhazika pampando ngati odwala.

Dikirani galimoto idutse kaye... eya.

Ndiye za kulimbirana ufumu zimene mwana akukusimbiranizo. M'mabuku amenewa mfumu si amene ali ndi mfuti zambiri. Ndi amene wagwira mpweya, madzi ndi chakudya. Mukuudziwa mwezi wa Okutobala kumudzi zitsime zikaphwa, mjigo watsala umodzi, ndiye pali bambo wina amene amasunga kiyi wa loko wake. Alibe udindo uliwonse, koma nyakwawa yomwe imamupatsa moni ndi manja awiri. Ndi zimenezo. Kwa Heinlein zonsezi amayendetsa ndi kompyuta imodzi yaikulu, yowerengera mpweya, mafoni, ndalama, sitima. Kompyutayo, amaitcha Mike, ikugwirizana ndi akaidi, n'kuwawerengera kuti akapitiriza kutumiza tirigu, madzi awo akupita limodzi ndi tiriguyo, ndipo m'zaka 7 anthu ayamba kumenyanirana chakudya. Kuukira kukuyambira pamenepo, mwachinsinsi, m'timagulu ta anthu atatuatatu kuti wina akagwidwa asaulule ambiri. Zida alibe, ndiye akutenga makina oponyera tirigu aja n'kuyamba kuponyera dziko miyala. Ufulu akuulengeza mu 2076.

Lina ndi la Tom Godwin, la 1958, limene kenako linagulitsidwa ndi dzina loti Space Prison. Ilo ndi lankhanza kwambiri. Adani akulanda chombo, akusankha anthu oti angawagwirire ntchito, otsalawo pafupifupi 4,000 akuwataya pa pulaneti yotchedwa Ragnarok, kumene thupi limalemera kuwonjezera theka, kuli zilombo, malungo opha msanga, chisanu ndi kutentha kosaneneka. Msilikali wolondera palibe ndi mmodzi yemwe. Ndiye mdani woyamba amatuluka pakati pawo pomwepo: wina akubisa chakudya ana akufa ndi njala, anzake akumupachika. Amene anagonako m'ndende amakuuzani chimodzimodzi, kuti amene amakuvutitsa tsiku ndi tsiku nthawi zambiri si woyang'anira ndende, ndi nyapala, mkaidi mnzako amene amagawa malo ogona ndi chakudya. Buku limeneli ine silimandikomera kumapeto kwake. Zidzukulu zawo zikudikira zaka 200 kuti zibwezere, ndipo wolemba akukhala ngati akuyamikira kuti ofooka anafa, olimba anatsala. Maganizo amenewo sindigwirizana nawo, koma mwana ndi bwino awaone n'kuwatsutsa yekha. Ngakhale mu Dune ya Frank Herbert ya 1965 muli pulaneti ya ndende, Salusa Secundus, kumene mfumu imatengako asilikali ake oopsa kwambiri, poti opulumuka kumeneko saopanso kanthu.

Zenizeni zoyandikirako zilipo, ngakhale si ndende. Sergei Krikalev anakwera kupita pa siteshoni ya Mir mu Meyi 1991 ali nzika ya Soviet Union. Ali kumwambako dziko lake linagawanika, ndalama zinavuta, ulendo wake unatalikitsidwa, ndipo anatsika mu Malichi 1992 patatha masiku 311, dziko limene linamutuma kulibenso. Komanso madzi a pa ISS, 98 peresenti amabwezeretsedwa n'kumwedwanso, thukuta ndi mkodzo womwe. Pepani amene mukumvera uku mukudya. Ndiye muone kuti makina amenewo akakhala m'manja mwa munthu mmodzi woipa mtima, ena onse amugwadira.

Tsono pa funso lanu lachiwiri. Ine ndikuti musamulande, mulibe zamatsenga m'menemo. Mwana amene akutha buku lathunthu masiku ano a TikTok ndi wosowa, ndipo ngati akuwerenga m'Chingelezi kapena m'Chipwitikizi, chiyankhulocho chikukula osadziwa. Chimene ndingakuchenjezeni n'chakuti ena mwa mabukuwa ali ndi zachiwawa, ndipo la Heinlein lili ndi maukwati a amuna ambiri ndi akazi ambiri banja limodzi, poti kumwezi kuja akazi anali ochepa. Zimenezo mudzadabwa nazo, ndiye ndanena ndisanafunsidwe. Inu mumukhazike pansi madzulo akusimbireni yekha, ndiye mumufunse kuti m'buku lakelo wagwira mpweya ndani, ndipo amene akumuukirawo akapambana kiyi apatsa ndani. Akayankha zomveka, ndiye kuti akuwerenga ndi mutu. Mukatero mumuuzeko za São Tomé zija mmene munazimvera inu, chifukwa kusukulu amangozidutsa pamwamba.

Koma foni pa nthawi ya nsima ayi, pamenepo ndili kumbali yanu, ndipo mayeso akayandikira buku lidikire. Iwe msuweni, ndikudziwa ukumvera, unditumizire dzina la buku lakolo ndione ngati ndinaliwerengapo. Amalume, akamabwera munthu wa kuno mupatsireko mbatata pang'ono, kuno yakwera mtengo. Moni kwa onse kunyumba.