Kwa wa kiyibodi amene akubwera ku Lilongwe sabata yamawa

Imelo yako ndaiwerenga katatu mng'ono wanga, ndipo ndakhala masiku awiri osayankha chifukwa yandikumbutsa zinthu zomwe ndinkayesa kuti ndinaiwala. Ukuti ukuphunzira nyimbo ku Zomba, kalasi yanu ikubwera kuno masiku anayi kudzaona malo a zaluso, nde ukufuna kudziwa kuti upite kuti, ulankhule ndi ndani kuti uone ngati munthu angadye ndi nyimbo. Kunyumba akuti bola ukanangochita zauphunzitsi.

Ulendo ngati umenewu ine ndinaupangapo. Tinatsika pa depoti madzulo titafinyana mu minibasi tsiku lonse, ine nditakumbatira kachikwama muli ma CD asanu owotcha ndekha, mumtima ndikuti wamkulu wina akangomva mawu angawa basi umphawi watha. Imodzi ndinapatsa mkulu wina wokonza ma shoo, anandigwira paphewa nkuti tikuimbira mfana. Mawa lake titadutsanso pa ofesi paja ndinaipeza CD yanga patebulo atakhazikapo kapu ya tiyi, dzina langa likuoneka theka. Sindinayankhule kanthu, ndinangoseka nawo zomwe anzanga amaseka.

Amene anandithandiza pa ulendo uja sanali otchuka ayi. Anali bambo ena a sawundi, tinawapeza kuseri kwa siteji akukulunga mawaya holo mulibe munthu. Anzanga onse anathamangira kukajambulitsa ndi woimba, ine ndinatsalira chifukwa cha manyazi basi osati nzeru. Bambo aja anangoti tagwira uku, nkundionetsa kakulungidwe ka waya wa maiki, kuzunguliza kamodzi chakuno kenako chakuseri kuti asapotoke mkati, akuti waya wokulungira pachigongono sachedwa kuyamba kulira pakati pa shoo. Nditawafunsa ngati nawonso amaimba anaseka mpaka kutsokomola. Akuti oimba amabwera nkupita koma iwo Loweruka lililonse ali pantchito, ana awo fizi imachokera pa mikisa, makina awo osakanizira mawu.

Nditasamukira kuno ndalama yanga yoyamba sinachokere pa shoo. Unali ukwati ku Kawale, ndili pa kiyibodi nthawi ya perekaniperekani, maola anayi nyimbo zomwezomwezo, MC akukuwa kuti akuchikazi abwerenso sanaponye bwino, zala zachita dzanzi. Kenako zinkhoswe, kwaya ya kutchalitchi, tinyimbo ta malonda pa wailesi, kuphunzitsa ana a mabwana ku Area 47 akaweruka kusukulu. Nde pali anthu amene amanyoza zimenezi eti si luso, ndipo amandikwiyitsa zedi. Shoo yaikulu kwambiri yomwe ndinaimbapo, anthu atadzaza mpaka panja, malipiro anga anali akuti tionana Lolemba, ndipo Lolemba lakelo mpaka lero silinache. Wa ukwati amakupatsa theka usanatsitse ndi sipika yomwe, mpunga wa nkhuku nkubwera pamwamba.

Ndiye pali aja amati bwera udzaimbe ulere utchukirepo. Wa kabaza wochokera ku Area 25 salandira kutchuka. Magetsi akathima jenereta simwa kutchuka. Ndinkavomera kale poopa kuti anditcha wodzimva, panopa ndimangofunsa kuti wa matenti ndi wa mipando nawonso abwera kudzatchuka? Foni imaduka yokha.

Apa ndinene mosabisa, kaya ena akwiya. Woimba amene sadziwa kuti COSOMA ndi chani sanayambe ntchito, akungosewera. Bungwe limeneli linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama kumawailesi, mahotela ndi malo omwera komwe nyimbo zimaseweredwa nkugawira eni ake amene analembetsa, ndipo lamulo loteteza umwini wa zaluso lomwe tikuyendera panopa ndi la 2016. Ine ndinataya zaka zingapo ndisanalembetse, ulesi chabe. Chimodzimodzi kontrakiti, ngakhale ya pa pepala la mu kope bola pali tsiku, ndalama ndi siginecha. Kusukulu amakuphunzitsani manotsi ndi mbiri ya nyimbo, nzabwino ndithu, ine manotsi omwewo ndi amene amandipatsa ganyu ya kwaya yomwe ena amaikanika, koma palibe anandiuzapo kuti ndizitchula mtengo ndisanakwere galimoto.

Ma festivo nawonso asakupusitse. Lake of Stars inayamba mu 2004, Tumaini ya ku Dzaleka ku Dowa inayamba mu 2014, ndi zinthu zokoma ndipo ukapeza mpata upite, koma zimachitika kamodzi pachaka ndipo woimba amakhala pa siteji mphindi makumi angapo. Oyatsa magetsi a siteji, a sawundi, oyendetsa pulogalamu, ojambula, amenewo amagwira kuyambira tsiku lomanga mpaka lopasula. Zisudzo ndi magule nzimodzimodzi, pamafunika wina kumbuyo woti nyimbo ilowe nthawi yake.

Tsono upite kuti

Music Crossroads ku Area 23 usaphonye, sukulu yawo ya nyimbo inatsegulidwa mu 2013, ukacheze ndi ophunzira osati aphunzitsi okha. Ku COSOMA ukafunse za kalembetsedwe. Ngati ku BICC, holo yaikulu ya misonkhano ija, kuli shoo sabata imeneyo pempha aphunzitsi anu mukafike masana nthawi yoyesa zida, usiku palibe amakhala ndi nthawi yoyankha mwana wasukulu. Za zisudzo funsa za Madsoc, gulu la zisudzo la kuno ku Lilongwe. Loweruka ukamva ukwati paliponse lowa ukaime pafupi ndi bandi, sakuthamangitsa.

Aliyense amene ukumane naye umufunse funso limodzi lokha, kuti mwezi wathawu ndalama ya lendi inachokera pati. Ena akwiya, ena akunamiza, koma mmodzi kapena awiri akuuza zoona ndipo amenewo utenge nambala zawo.

Zauphunzitsi akunena makolozo usalimbane nawo kwambiri pakadali pano. Ine ana a ku Area 47 aja ndimawaphunzitsa Lachitatu ndi amene amandilipirira nyumba, mmodzi mwa iwo mpaka pano dzanja lamanzere limakana kuyenda limodzi ndi lamanja koma mayi ake salumphitsa mwezi.