Mpando wa bambo kugwera mwana, ndi tulo tosabwera: yankho kwa mphunzitsi wa ku Chigwa

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mphunzitsi wina wa kuno ku Chigwa cha Shire. Anapempha kuti dzina lake ndi dera lake zisatchulidwe, ndiye sindizitchula. Akuti pa chisankho chapitachi anadzipereka kuphunzitsa anthu za kuvota, koma anthu omwe ankamuombera m'manja masana, madzulo ankawapeza ali pamzere wolandira ndalama ndi nsalu. Kwawoko mpando wa uphungu unali wa bambo, lero akukonzekeretsa mwana, pamene mjigo wa pasukulu pawo unafa kalekale. Akufunsa ngati mabanja okhalitsa pa ndale ndiwo gwero la katangale, komanso ngati kuphunzitsa anthu kuli ndi phindu. Kumapeto anawonjezera kuti tulo tinamuthawa: amadzidzimuka cha m'ma 2 koloko usiku, n'kukhala ali pafoni mpaka tambala kulira.

Achimwene, zikomo polemba, ndipo pepani ndi mavutowa.

Ndiyambe ndi mawu amene mwina simukufuna kumva. Dzina la banja si mlandu. Malamulo a dziko lino saletsa mwana, mkazi kapena mng'ono wa wandale kupikisana nawo. Tonse tikudziwa kuti a Bakili Muluzi analamulira kuchokera mu 1994 mpaka 2004, ndipo chipani chawo cha UDF chinadzakhala m'manja mwa mwana wawo, a Atupele. A Bingu wa Mutharika atamwalira mu 2012, mng'ono wawo a Peter anatenga DPP n'kupambana mu 2014. Kuno kwathu, dera la Chikwawa Nkombezi linaimiridwa ndi malemu a Sidik Mia, ndipo mu 2019 anthu anasankha mkazi wawo, mayi Abida Mia. Sindikutchula mayinawa pofuna kuneneza munthu. Onsewa anadutsa pa bokosi la mavoti. Funso loyenera kufunsa n'lakuti, n'chifukwa chiyani dzina lodziwika limayamba mpikisano lili kale patsogolo?

China ndi ndalama. Kampeni ya phungu imadya galimoto, mafuta, nsalu, malaya, chakudya cha anyamata, ndipo zonsezi zimayamba pa zisankho zachipulula, anthu wamba asanaone n'komwe pepala lovotera. Mwana wa pabanja la ndale amapeza zonse zili m'malo: macheyamani a chipani akumudziwa, mafumu anadyapo nsima kwawo, amalonda akudziwa kuti akamuthandiza sataya. Mphunzitsi ngati inu mungayambire pati?

Koma chachikulu, mmene ndikuonera ine, ndi ngongole ya kuthokoza. Ife a ku Chigwa madzi atizunza: mu 2015, kenako anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Amene anagonapo m'kalasi ku Bangula, mabanja khumi chipinda chimodzi, mbuzi zitapita, mapira atakwiririka ndi mchenga, saiwala nkhope ya munthu amene anabwera ndi thumba la ufa tsiku lachitatu la njala. Mayi amene anagulidwira bokosi pa maliro a mwamuna wake saiwala. Tsiku lovota likafika, mayiyo salingalira za bajeti ya khonsolo. Amakabweza ulemu. Ndipo bambo uja akapuma, ulemuwo umagwera mwana. Tinaona kale mmene mawu a munthu mmodzi amalemerera kuno: Mbuya Gwanda Chakuamba, amene anakhala m'ndende kuchokera mu 1980 mpaka 1993, akaloza mbali, anthu ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa ankapita komweko, kaya ndi MCP kaya ndi Republican Party mu 2004. Kukhulupirika kotere si uchitsiru. Ndi khalidwe labwino limene andale anaphunzira kulidyerera.

Apa m'pamene pagona nkhani. Ufumu ndi wa magazi. Mpando wa a Lundu, wa a Tengani, wa a Ngabu uli ndi banja lake ndi mwambo wake wolowera, ndipo palibe amene amadabwa. Uphungu ndi ntchito ya zaka zisanu, yolipidwa ndi misonkho yomwe inu mumadulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi. Tikasakaniza ziwirizi, phungu timayamba kumugwadira m'malo momufunsa. Banja likakhalitsa pampando, kontirakitala womanga mlatho amakhala mlamu, wogulitsa simenti amakhala msuweni, kalaliki wa ku khonsolo amadziwa kuti anthu awa sachoka msanga, ndiye amatseka pakamwa. Wolowa m'malo sangatsegule mabuku a amene anamulera. Choopsa n'chimenecho.

Komabe musaganize kuti mukachotsa banja ndiye kuti mwathetsa kuba. Cashgate ya mu 2013 sinali ya banja lililonse lokhalitsa pa ndale. Anali ogwira ntchito m'boma ndi amalonda, akulemba macheke a katundu amene sanaperekedwe, ndipo akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha. Ndiponso pa chisankho chilichonse aphungu ambiri sabwerera ku Nyumba ya Malamulo, koma mijigo yakufa ikadali yakufa. Nkhope zimasintha, koma ngati palibe woyang'ana m'mabuku, watsopano amaphunzira msanga njira za wakale.

Ndiye kuphunzitsa anthu kuli ndi phindu? Kulipo, koma osati mmene takhala tikuchitira. A bungwe loyendetsa zisankho la MEC ndi a bungwe lophunzitsa nzika la NICE agwira ntchito yaikulu yophunzitsa kulembetsa, kuchonga bwino, kupinda pepala. Zimenezo anthu anazimva. Chotsala n'chimene chimachitika bokosi likatsekedwa. Gawo 64 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, aphungu omwewo analifufuta mu 1995. Choncho pakati pa zisankho ziwiri chida chomwe tatsala nacho ndi kufunsa, ndipo ambiri sadziwa kuti ali ndi pofunsira. Thumba la chitukuko la CDF linayamba mu 2006, ndipo pofika 2024 linali K200 miliyoni pa dera lililonse pachaka. Ndi angati m'mudzi mwanu angatchule ntchito zitatu zomwe ndalamazo zinagwira? Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mungathe kulemba kalata ku khonsolo kupempha mndandanda wa ntchito za m'dera lanu, mtengo wake ndi amene anapatsidwa kontirakiti. Mwina adzakuzungulitsani, koma kalata yosainidwa ndi komiti ya sukulu ndi makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera (VDC ndi ADC) ndi yovuta kuiponya m'dengu. Mjigo wanu uja uyambire pamenepo. Mukaona zokayikitsa, bungwe lothana ndi katangale la ACB linakhazikitsidwira zomwezo.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndimafuna aliyense wophunzitsa anthu azibwereza mpaka zitalowa. Chimanga cha thandizo ndi ndalama za Mtukula Pakhomo sizichoka m'thumba la phungu. N'za boma ndi mabungwe, ndipo palibe woyenera kukuchotsa m'kaundula chifukwa cha voti. Komanso m'kachipinda kovotera muja muli iwe wekha. Agogo ambiri amakhulupirirabe kuti "adzadziwa". Muziwauza m'Chisena ndi m'Chimang'anja, pansi pa mtengo, osati pa pepala la Chingerezi lomata ku sitolo.

Za anthu a pamzere aja, musawanyoze. Akamati "fodya wako ndi amene ali pamphuno" akunena zimene moyo unawaphunzitsa. Anaona ndi maso doko la ku Nsanje likutsegulidwa mu Okutobala 2010, atsogoleri a mayiko oyandikana nawo alipo, koma mpaka lero sitima zonyamula katundu siziyenda. Anthu a ku Makhanga ndi East Bank akhala akumva malonjezo a mlatho wa pa Chiromo kuchokera pamene madzi anadula njirayo mu 1997. Munthu wotere ukamuuza kuti akane ndalama ya lero chifukwa cha chitukuko cha mawa, ayenera kukuyang'ana kawiri. Ine sindigwirizana ndi chiphunzitso chakuti "landira koma ukavote kumtima kwako", chifukwa chimasunga msika uli wotsegula, ndipo lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti. Koma mlandu waukulu uli kwa wogawayo. Ndipo musaiwale kuti pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 chifukwa panali anthu amene anasunga mapepala a zotsatira n'kuwabweretsa ngati umboni. Ntchito yooneka yaing'ono ya munthu wokhala pa senta mpaka usiku inasintha dziko.

Tsopano za tulo, zomwe kwa ine n'zofunika kuposa zonse mwalembazi, chifukwa muli ndi ana oti muwaphunzitse m'mawa.

Yambani ndi foni. Magulu a ndale a pa WhatsApp ndi Facebook amatentha kwambiri usiku, ndipo mtima ukakwiya thupi silingagone. Ola limodzi musanagone, foni ikhale kuchipinda china. Madzulo dzuwa lisanalowe tengani kope, lembani zomwe zikukuvutani ndi chinthu chimodzi chomwe mudzachite mawa. Zikabweranso usiku, mudziuze kuti zalembedwa kale. Tiyi, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zithere pa nkhomaliro, popeza zimakhala m'magazi maola ambiri. Mowa umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku, nthawi yomwe inu mukudandaulayo.

Kutentha kwa kuno nakonso si kwamasewera. Mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, ndipo nyumba ya malata imasunga moto mpaka usiku. Sambani musanagone, nyowetsani chitenje mufunde chopepuka, yalani mkeka pakhonde ngati pali potetezeka, koma neti musaisiye, udzudzu wa kumadambo kuno mukuudziwa. Muzidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale Loweruka, ngakhale mutagona mochedwa, ndipo tulo ta masana tisapitirire theka la ola. Mukadzidzimuka usiku musayang'ane wotchi. Pakatha mphindi ngati 20 tulo tisakubwera, dzukani, khalani pampando mopanda kuwala kwambiri, pempherani kapena werengani zofatsa, mubwerere pogona maso akayamba kulemera.

Chonde musazolowere kugula Piriton kapena diazepam kuti mugone. Piriton ndi wa ziwengo, ndipo diazepam thupi limamuzolowera mpaka kulephera kugona popanda iye. Ngati vutoli likuchitika masiku atatu kapena kuposa pa sabata kwa miyezi itatu, pitani kuchipatala, akakuyezeni BP ndi shuga, makamaka ngati mumadzuka kawirikawiri kukataya madzi. Mukawauzenso ngati mtima umagunda mvula ikayamba kulira pa malata, chifukwa ambiri amene anathawa madzi usiku akukhala ndi vuto limeneli osalitchula. Mukaona kuti chakudya sichikukoma, ntchito yomwe munkaikonda yakutopetsani, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, musadikire miyezi itatuyo. Uzani mayi a kunyumba, abusa kapena mnzanu wapamtima, akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.