Funsani Anti: Usiku china chake chimandikhala pachifuwa, ndiwauze amayi?

Anti, ndine mtsikana wa zaka 13, ndili sitandade 8. Kuyambira teremu yathayi, mwina kawiri pa sabata, ndimadzidzimuka pakati pa usiku maso ali pwii ndikuona denga, nsalu ya pawindo, mng'ono wanga ali mtulo pambali panga, koma thupi lonse lauma gwa, dzanja osatheka kulinyamula, ndikati ndikuwe mawu osatuluka, pachifuwa ngati munthu wandikhalira ndipo nthawi zina ndimaona chimthunzi chakuda chitaima pakhomo. Kenako zimangosiya zokha. Koma sabata yatha zinachitika zina, ndinadzuka m'mawa lilime lili ndi bala cha m'mbali, ndakodzera pogona, mutu ukuwawa, ndiye mng'ono wanga akuti usiku ndimanjenjemera thupi lonse koma ine sindikukumbuka kalikonse. Zofunda ndinachapa mobisa. Amayi sindinawauze chifukwa ndikudziwa anena kuti ndi ufiti ndipo kale amawakayikira agogo a kwa bambo, ndikuopa kuti pakhala mkangano chifukwa cha ine. Komanso manyazi. Ndingokhala chete mwina zisiya zokha?

Mtsikana wodandaula, Kasungu

Mwana wanga, amayi ako uwauze, ndipo usadikire kuti zichitikenso. Koma ima kaye ndikumasulire chifukwa m'kalata yakoyi muli zinthu ziwiri zosiyana zomwe iwe waziika m'thumba limodzi, ndipo chomwe chikukuopsa kwambiricho si chomwe chikundidetsa nkhawa ine ayi.

Zouma thupi maso ali otsegulazo azachipatala amazitcha sleep paralysis ndipo zimachitikira anthu ambirimbiri dziko lonse lapansi, kawirikawiri zimayamba pa msinkhu wakowu. Munthu akamalota, ubongo umakhala ngati wazimitsa minofu ya thupi kuti usamathamange zenizeni pamene ukulota galu akukuthamangitsa. Ndiye nthawi zina maganizo amadzuka msanga thupi lisanayatsidwe, iwe uli maso koma minofu ikadali m'maloto, ndipo maloto enawo amatsalira m'maso, n'chifukwa chake ukuona chimthunzi pakhomo. Kulemera kwa pachifuwako ndi kapumidwe ka m'tulo kamene kamakhala kosazama, iwe ukufuna kukoka mpweya wambiri chifukwa cha mantha koma chifuwa sichikukumvera, koma mpweya ukulowa ndithu, sungafe nazo. Zimatha pa masekondi angapo kapena mphindi zochepa. Ku Japan amazitcha kanashibari, kwathu kuno timati afiti andikwera, mtundu uliwonse unazipezera nkhani yake koma chochitika m'thupi ndi chimodzimodzi.

Zimakonda munthu amene sakugona mokwanira, wodera nkhawa, komanso wogona chagada. Iwe uli sitandade 8, ndikuganiza ukuwerenga mpaka usiku kenako kudzukanso m'mbandakucha kukatunga madzi, mwinanso foni ya amayi ili pansi pa pilo, usandinamize. Wa msinkhu wako amafunika tulo ta maola 8 mpaka 10. Gona chammbali, gona nthawi yofanana tsiku lililonse, tiyi wamasamba usiku umusiye. Zikakugwira usalimbane nazo, yesa kugwedeza chala chimodzi cha kuphazi kapena kuphethira maso, puma pang'onopang'ono, zimamasuka.

Tsopano za sabata yathazo. Lilime lolumidwa m'mbali, kukodzera pogona kwa munthu amene anasiya kalekale, kunjenjemera thupi lonse, kudzuka mutu ukuwawa osakumbuka kanthu, izi si sleep paralysis, chifukwa pa sleep paralysis munthu amakumbuka zonse ndipo thupi silitakataka. Izi zikufanana ndi kukomoka kwa khunyu kumene kumabwera m'tulo, ndipo alipo anthu amene zimawagwira usiku wokha basi moti amatha nthawi yaitali osadziwa. Sindikuti uli ndi khunyu, ine si dokotala wako ndipo kukomoka kamodzi sikokwanira kuti munthu atchedwe wa khunyu, malungo aakulu ngakhale kuchepa kwa shuga m'magazi kumakomolanso. Koma wonena zimenezo akhale wachipatala atakuona, osati iwe wekha ukuchapa zofunda m'bandakucha. Ndipo ngati atapeza kuti ndi khunyu, mankhwala alipo m'zipatala za boma, monga phenobarbitone ndi carbamazepine, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse atha kukhala osagwanso akamamwa mankhwala moyenera. Sukulu umapitiriza, mayeso umalemba. Khunyu si lopatsirana, kaya ndi malovu kaya ndi mpweya woipa monga amanenera ena, ndi vuto la mu ubongo basi.

Za agogo ndakumva, ndipo ndikuuze kuti mwana wa zaka 13 woganizira agogo ake chonchi ndi wanzeru. Nkhani zotchulana ufiti zapweteketsa okalamba ambiri m'dziko muno, ena mpaka kuphedwa, ndipo lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Koma taganiza, ukabisa kenako tsiku lina udzagwe masana anthu akuona, mpamene zala zidzaloze kwa agogo mwamphamvu, pamene ukayamba ndi kuchipatala pakhala dzina la matenda ndi mapiritsi m'manja, mpata wa miseche umachepa. Ndiye kauzidwe kake ndi kofunika. Usawauze usiku uli ndi mantha, ndipo usayambe ndi chimthunzi cha pakhomo chifukwa akangomva zimenezo zina zonse samvanso. Apeze masana muli awiri, mwina mukusankha nyemba, unene kuti amayi, ndinadzuka nditadziluma lilime ndipo ndinakodzera pogona, mng'ono wanga anandiona ndikunjenjemera, ndikufuna mundiperekeze kuchipatala. Akafuna mapemphero palibe choletsa, koma kabuku ka kuchipatala kakhale patsogolo. Ukaona kuti pakamwa pakulemera, pitira kwa azakhali kapena aphunzitsi aakazi amene umawakhulupirira akuthandize kuwauza, kapena imba 116, ndi nambala yaulere yothandiza ana.

Popita kuchipatala mng'ono wakoyo mumutenge, ndiye mboni, adokotala adzafuna kudziwa kuti unanjenjemera nthawi yaitali bwanji, maso anali otani, kukamwa kunatuluka thovu kapena ayi. Pakadali pano usaphike wekha pamoto, usapite wekha kumtsinje kapena pachitsime, usakwere mumtengo. Ndipo a m'nyumba mwanu adziwe kuti zikachitikanso asakuike supuni kapena chala mkamwa, asakupanikize, asakumwetse madzi, angochotsa zinthu zoti zingakupweteke n'kukugoneka chammbali, ndipo zikapitirira mphindi 5 kapena zikabwereza usanatsitsimuke, athamange nawe kuchipatala usiku womwewo osadikira kuti kuche.

Zokodzera pogonazo usachite nazo manyazi, amayi ako anachapa matewera ako zaka zingapo, sadzadabwa. Ukapita undilembere kuti akuuza chiyani.

Anti