Musanakhule galasi la wotchi yanu, onani kaye chimene chakalika

Achimwene, ndawerenga funso lanu lija. Mwati wotchi imene anakusiyirani malemu bambo anu yatuluka mzere pagalasi mutaigunditsa pafelemu ya chitseko, kumsana kwake kunalembedwa Sapphire Crystal, ndipo mukufuna kudziwa ngati Colgate kapena soda angauchotse. Ayi, sangauchotse. Koma mtima m'malo, chifukwa pa mawotchi amene ndagwirapo a vuto ngati lanuli, ambiri safiro wake amakhala ali bwinobwino. Chimene chimaoneka ngati kukalika chimakhala china.

Chinthuchi timangochitchula galasi poti chimaonekera, koma kwenikweni ndi mwala. Amachipanga m'fakitale posungunula ufa wa aluminium oxide, ndipo njira imeneyi yopangira mwalawu anailengeza Auguste Verneuil wa ku France mu 1902. Ndi mtundu umodzi ndi miyala ya rube ndi safiro imene imapezeka paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, kungoti wa pawotchi amaonekera ngati madzi. Pa muyeso wa Mohs, umene umayika miyala pa 1 mpaka 10 potengera kulimba, safiro ali pa 9 ndipo dayamondi ali pa 10. Mchenga wakudambo uli pa 7, galasi wamba lili cha m'ma 5 ndi 6, soda ndiye safika n'komwe pa 3. Chofewa sichidya cholimba. Mukhoza kukhula ndi mankhwala otsukira mano kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa, safiro osamva kanthu, koma phalalo litalowa m'mphepete n'kuumira m'menemo.

Ndiye poti mwatchula felemu ya chitseko, ine ndikukayikira kuti mzere wanuwo uli pamwamba pa galasi, sunalowe m'kati. Ngati felemuyo ndi ya aluminiyamu, dziwani kuti aluminiyamu ndi wofewa kwambiri. Akakhulana ndi safiro, wodyeka ndi iyeyo, ndipo amasiya kamzere kotuwa kapena konyezimira, monga choko chimasiyira pabolodi. Penti ya khoma ndi matailosi ena amachitanso zomwezo. Tsukani galasilo ndi kansalu konyowa kokhala ndi sopo pang'ono, pukutani, kenako tengani labala wofufutira pensulo, woyera uja, mukhule pamzerepo mokanikiza ndithu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Ngati ndi penti, donthezani spiriti pa thonje mupukute. Ndinaonapo munthu atasonkha kale ndalama ya galasi latsopano, mzere n'kuchoka ndi labala wa mwana wasukulu. Yambirani pamenepo, sizikudyerani ngakhale tambala.

Mzere ukakana, pendekerani wotchiyo pawindo masana. Mukaona galasi likuthwanima mobiriwira ngati mtambo kapena mofiirira, dziwani kuti linapakidwa kachikuto kopyapyala koletsa kuwala kuti kasakuthobweni m'maso powerenga nthawi. Makampani ambiri amapaka kum'kati kokha, koma ena, monga Breitling ndi Omega pa mawotchi awo ambiri, amapaka mbali zonse ziwiri. Kachikuto kakunjako n'kofewa kuposa safiro, ndiye ndi kamene kamakalika. Mudzakazindikira chifukwa mzere wake umaoneka wowala kuposa malo ouzungulira, umasowa mukatembenuza wotchi, ndipo chikhadabo chimangodutsapo osakodwa. Apa palibe kukonza kwa pamalo amodzi. Mukakhula pakatikati pokha mudzasiya chigamba choipa kuposa mzerewo, choncho ndi kuchotsa kachikuto konse kapena kukasiya. Kakachoka sikabwereranso kunyumba, chifukwa amakapaka ndi makina m'fakitale. Kunena zoona, ngati mzerewo mumachita kuufunafuna kuti muuone, ine ndingausiye. Wotchi ya bambo imene yavalidwa zaka zambiri siyenera kuoneka ngati yangotuluka m'bokosi.

Pali chinanso chimene anthu sakonda kumva: si wotchi iliyonse yolembedwa Sapphire imene ili ndi safiro weniweni. Zongotengera zilipo zambiri, ndipo zina ndi galasi wamba lokutidwa ndi safiro wopyapyala pamwamba. Mwinanso galasi loyamba linasweka kalekale, wokonza n'kuikapo wamba. Donthezani kadontho ka madzi pagalasi loyera bwino. Pa safiro kamakonda kukhala kobulungira, pa galasi wamba kamayalika. Njira imeneyi imanamiza nthawi zina, makamaka pa galasi lopakidwa, ndiye yodalirika ndi kachipangizo koyezera dayamondi kamene amakhala nako ogulitsa mphete ndi miyala. Likapezeka kuti ndi galasi wamba, monga Hardlex wa Seiko, mankhwala ake ndi cerium oxide. Likakhala la pulasitiki, mankhwala otchedwa Polywatch amamaliza ntchito mu mphindi zochepa. Awiriwa pa safiro ndi kutaya ndalama.

Tsopano tinene kuti safiroyo wakalikadi. Zimachitika, ngakhale si kawirikawiri: mphete ya dayamondi, mwala wa girayinda, sandipepa, mwala wonolera mipeni, zonsezi zimamudya, chifukwa zambiri mwa izo zimapangidwa ndi silicon carbide kapena aluminium oxide yemweyo. Yendetsani chikhadabo modutsa mzerewo. Chikakodwa, iwalani zokhula. Kupolisha sikudzaza mzere, kumadya galasi lozungulira mpaka lifanane ndi pansi pa mzerewo. Pa mzere wakuya mudzathera masiku, ndipo mapeto ake ndi kadzenje kamene kamapindika manambala ndi mivi mukayang'ana chammbali.

Chikapanda kukodwa, ndipo mwatsimikiza kuti kunja kulibe kachikuto kapena mwavomera kukataya, mankhwala ake ndi amodzi okha, phala la dayamondi. Pogula mufunse diamond paste. Limabwera m'timasirinji tolembedwa kukula kwa timchenga take: mupeze la 3 micron, la 1 micron ndi la 0.25 micron. Kuno kwathu silipezeka wamba. Yesani kwa odula ndi kupolisha miyala ya mtengo wapatali, apo ayi tumani wachibale amene ali ku Johannesburg kapena muitanitse pa intaneti.

Musanatsegule sirinji, matani tepi mkombero wonse wa wotchi ndi chitsulo chozungulira galasi, magawo awiri, ndipo kankhani kapena mangani kachitsulo kochunira nthawi. Phala limene limadya safiro chitsulo limachinyambita ngati nsima, ndipo golide wopaka amachoka nthawi yomweyo. Finyani kadontho kofanana ndi njere ya mpunga ka 3 micron pa kansalu kofewa kapena kachikopa, mukhule mozunguliza, mokanikiza pang'ono, malo okulirapo kuposa mzerewo kuti pasakumbike. Pakatha mphindi zisanu zilizonse pukutani muone pakuwala. Mzere ukazimirira pitani pa 1 micron, kenako 0.25 micron kuti chifunga chichoke. Pano ndi pamene ambiri amalakwitsa: phala lililonse likhale ndi kansalu kake, ndipo galasi mulipukute mpaka liyere musanasinthe. Kamchenga kamodzi ka 3 micron kotsalira kamabweza ntchito yonse m'mbuyo. Konzekerani kukhala pansi ola lathunthu kapena kupitirira, ndipo chala chidzawawa.

Wina akuuzani kuti mugwiritse ntchito kamakina kopolishira ka Dremel kapena dirilo kuti zifulumire. Galasi likadali pawotchi, chonde musatero. Makina amatenthetsa malo amodzi, kutenthako kumafooketsa gasketi imene imatchinga madzi, ndipo safiro ngakhale ndi wolimba pokalika ndi wosachedwa kuthetheka. Ine ndinaphunzira movutika pa wotchi yanga: mzere unachoka, koma mvula yoyamba ya Disembala nkhungu inadzaza m'kati, ndipo kukonza makina odzimbirira kunandidyera zambiri kuposa galasi latsopano. Mpaka lero zimandiwawa.

N'chifukwa chake pa mzere wokodwa chikhadabo, kapena ngati m'mphepete mwabenthuka, ndikuti sinthani galasi. Lobenthuka musachedwe nalo, chifukwa likasweka tizidutswa take timagwera pankhope ya wotchi n'kulowa m'makina. Zikatero kokani kachitsulo kochunira kaja kuti mivi iime, isamakokere tizidutswato. Galasi lathyathyathya lozungulira silivuta kupeza, wokonza amangoyeza m'mimba mwake ndi kuchindikala kwake m'mamilimita. Lokwera pakati, la makona, kapena lokhala ndi kagalasi kokuzira deti ndi limene limavuta ndiponso kudula. Pitani kwa wokonza amene ali ndi chopanira galasi, osati womata ndi supagulu. Muumirire kuti asinthe ndi gasketi yomwe, akuonetseni galasi latsopanolo asanaliike, ndipo lakale akubwezereni, poti ndi la bambo. Ngati alibe makina oyezera kuti madzi sakulowa, muzivula wotchiyo posamba ndi pochapa.

Madzulo ano yesani labala uja. Mzere ukakana, jambulani wotchiyo chopendekera pawindo komanso kumsana kumene kuli nambala ya mtundu wake, mubise nambala ya siriyo, mutumize. Ndikuthandizani kuona ngati ndi kachikuto kapena safiro weniweni musanagule phala.