Mwana akamabweza kamba wake osadya

Kalata yanu ndinaiwerenga Lachiwiri usiku, mayi anzanga a ku Lizulu, ndipo ndinachedwa nayo kugona. Mwati mwana wanu wa Sitandade 3 akumabwerako ndi kamba wake osamukhudza, akufuna ndalama yogulira tapageti pa sukulu, ndiye mukufunsa chomwe mungamulongedzere mwachangu, chopatsa thanzi, choti adyedi.

Ndiyankha, koma mundilole ndiyambire kutali, chifukwa mwana ameneyo ndinalinso ine.

Ndinayamba sukulu mu 1994, chaka chomwe pulayimale inakhala yaulere. Tinadzadza m'makalasi mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Kwathu ndi kumtunda kwa Ntcheu, njira ya ku Tsangano, ndipo amene anakulira kumeneko akudziwa chisanu cha mu Juni, chija chimaumitsa zala mpaka pensulo kukanika kugwirika. Amayi ankadzuka tambala woyamba, n'kufukula mbatata m'phulusa, kuikulunga pakansalu. Njira yonse ndinkaifumbatira kuti manja afunde. Inali yotsekemera kwambiri mbatata ija, yotuluka uchi m'mbali.

Tsiku lina pa buleki mtsikana wina, amene bambo ake ankagwira ntchito pa boma, anatulutsa buledi wopaka majarini. Anayang'ana kansalu kanga n'kufunsa mokweza kuti, "Kodi kwanu kulibe chakudya china?" Anzanga anaseka. Kuyambira pamenepo ndinkadyera kuseri kwa kalasi, kenako ndinayamba kuitaya patchire tikamawoloka dambo. Ndinkaweruka njala itandipinda, mutu ukuwawa, koma ndinkaona kuti bola njala kusiyana ndi kusekedwa. Mchimwene wanga ndiye anakaulula kunyumba. Ndinkayembekeza mkwapulo, koma amayi anangokhala chete n'kumayang'ana pamoto, ndipo mpaka lero nkhope yawo ya tsiku limenelo imandipweteka mumtima. Anali atalima okha mbatata imeneyo, mwana ali kumsana.

Agogo ndi amene anaikonza nkhaniyo. M'mawa mwake anasenda mbatata, kuidula timagawo, kukazinga mtedza wodzadza manja awiri, n'kuika zonse m'kambale kovindikira. Anati, "Usakadye wekha mdzukulu wanga, ukagawireko anzako." Mtedza unatha buleki isanafike pakati, ndipo woyamba kutambasula dzanja anali mtsikana wa buledi uja.

N'chifukwa chake ndikamva kuti mwana sakudya kamba, sindiyamba ndi kufunsa za mchere kapena shuga. Ndimafunsa kuti akudya ndi ndani, ndipo akumuuza zotani. Komanso ndinene mosabisa, manyazi amenewa ana sabadwa nawo, timawaphunzitsa ndife makolo. Alendo akafika timakankhira futali kuchipinda n'kutuma mwana kukagula buledi ndi zakumwa zam'botolo. Timanena pamaso pa ana kuti "lero tangodya mbatata basi", ngati tagona ndi njala. Mwana amamva zonsezi. Ndiye tidabwe chiyani akamabisa chigumu m'chikwama?

Zimandiwawa kwambiri poti inuyo muli pa Lizulu. Imani pamsika paja muone magalimoto akupakira kachewere, kabichi, karoti ndi tomato kupita nazo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe anthu amazilipira ndalama zambiri. Chakudya chabwino tikuchikweza m'malole, ana athu tikuwapatsa timapaketi todzadza mpweya, tofiiritsa zala ndi lilime. M'menemo muli mchere, mafuta ndi utoto, ndipo pakangotha kanthawi njala yabwereranso, mwana akusinza aphunzitsi ali pa bolodi. Ku sikelo azaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Timaimba nawo nyimbo mwana ali wakhanda, akangovala yunifolomu taiwala, ngati kuti wasiya kukula. Ine pamenepa sindigonja. Ndalama ya tsiku lililonse m'manja mwa mwana wa zaka zisanu ndi zitatu si chikondi ayi, n'kumusiya yekha pa nkhani yomwe sangaithe.

Amayi ogulitsa pageti sindikuwanyoza. Nawonso akusaka ya sopo, ndipo ambiri amagulitsa zabwino, zitumbuwa, chimanga chophika, nthochi. Chomwe ndimayang'ana n'chakuti beseni ndi lovindikira kapena ayi. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa zowawa, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Ena adzati ana amamwa phala kusukulu. Inde, komwe likupezeka ndi dalitso lalikulu, ndipo a bungwe la Mary's Meals akhala akudyetsa ana m'dziko muno kuyambira 2002. Koma si sukulu zonse zili nalo, komanso kapu imodzi ya m'mawa singafikitse kunyumba mwana woweruka dzuwa litapendeka amene ali ndi mtunda woti ayende.

Nanenso zinandipeza kuno ku Dedza. Mwana wanga wachiwiri anabweza kamba masiku atatu otsatizana, ndipo ndinamukalipira ndisanamufunse kanthu. Usiku ndinakumbukira amayi ali chete pamoto paja, ndinapita kukakhala pamphasa pake n'kumufunsa modekha. Iye sankasekedwa ayi. Anati mbatata imafika itaphwanyika, yonyowa ndi thukuta la m'jumbo, ndipo kakontena kakununkha usipa wadzana. Zinali zoona. Ndinali kutseka chakudya chikadali chotentha, ndiponso kutsuka mothamanga.

Zimene ndimalongedza ine

Ndimaphikiratu madzulo, pamoto womwewo wa nsima, chifukwa m'mawa mulibe nthawi. Mbatata yofiira m'kati ndiyo ndimaikonda, ili ndi vitamini A. Ndimaiphika yosafewetsa, kuisiya izizire, kenako kuidula timagawo. Kachewere wamng'onowamng'ono wowiritsa ndi kamchere nayenso amayenda bwino. Pambali pake ndimaika mtedza wokazinga, koma muyambe mwausankha, wofota ndi wachuku utayidwe chifukwa chuku chimawononga chiwindi. Nkhuku zikaikira, dzira lowiritsa losasenda. Lamulungu ndimaphika chigumu cha mgaiwa ndi nthochi zakupsa, kothirako ufa wa soya pang'ono, ndipo m'nyengo yozizira chimatifikitsa Lachiwiri. Mbuliwuli sizichedwa, ndipo palibe mwana amazibweza. Chipatso ndi cha nyengo yake, mapichesi, masuku kapena mango mvula ikamayamba, magwafa ndi manachesi ikatha, nthochi nthawi iliyonse. Madzi akumwa m'botolo lake. Futali ndi ndiwo zamsuzi zidikire kunyumba, zimatayikira m'makope ndipo mu Okutobala zimasasa msanga.

Muikemo kochulukirapo pang'ono koti agawire mnzake, ndipo mumulole asankhe yekha pakati pa zinthu ziwiri zomwe mwakonza. Ndalama kwathu ndi Lachisanu lokha, ndipo timagwirizaniratu chokagula.

Koma musanasinthe chilichonse, usiku uno mukhale naye pansi mumufunse chimene chimachitika pa buleki, wakhala ndi ndani, anzake atenga chiyani. Akakuuzani kuti akumuseka, mukaonane ndi aphunzitsi ake mwakachetechete, iye asadziwe. Mundilemberenso zomwe wanena, ndikufunitsitsa kumva.